Kuchoka pa maulendo 25 kufika pa 5: kafukufuku amene anafupikitsa chithandizo cha cheza pa khansa ya m'mawere

Kwa zaka zambiri, mayi amene wachitidwa opaleshoni yochotsa chotupa cha khansa m'bere ankauzidwa kuti azibwera kuchipatala tsiku lililonse, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu isanu yathunthu, kuti adzalandire chithandizo cha cheza champhamvu chimene madokotala amachitchula kuti radiotherapy, pomwe anthu ambiri amangoti kuwotcha khansa. Maulendo onse pamodzi ankakwana 25. Lero m'zipatala za ku Britain amayi ambiri a matenda omwewo amamaliza chithandizochi m'masiku asanu otsatizana. Chimene chinabweretsa kusinthaku ndi mndandanda wa kafukufuku amene anayamba mu 1986 motsogozedwa ndi Pulofesa John Yarnold, katswiri wa khansa wa ku Institute of Cancer Research ndiponso chipatala cha Royal Marsden ku London, ndipo zotsatira zimene zinatsitsa maulendowa kufika pa asanu zinatuluka mu 2020, patapita zaka 34. Funso limene iye ndi anzake anayamba nalo linali lalifupi, koma panthawiyo madokotala ambiri sankalifunsa: kodi nambala ya 25 inachokera kuti, ndipo ndani anatsimikizirapo kuti ndiyo yoyenera pa khansa ya m'mawere?

Munthu angadabwe kuti cheza chikufunikiranji pamene chotupa chachotsedwa kale. Dokotala wa opaleshoni amachotsa zimene akuziona pamodzi ndi kachigawo ka mnofu wabwino wozungulira chotupacho, koma maselo ochepa a khansa, osaoneka ndi maso ngakhale pa zithunzi za makina, amatha kutsalira m'bere n'kudzaphukanso patapita zaka. Mu 2011 gulu la akatswiri lotchedwa Early Breast Cancer Trialists' Collaborative Group, limene likulu lake lili ku Oxford, linaphatikiza zotsatira za kafukufuku 17 wokhudza amayi 10,801 amene anachotsedwa chotupa koma bere n'kusiyidwa. Mwa amayi amene sanalandire cheza, 35 pa 100 alionse khansa inawabwereranso mkati mwa zaka 10, pamene mwa amene analandira cheza anali 19 pa 100 alionse. Imfa za khansa ya m'mawere pa zaka 15 zinatsika kuchoka pa 25 kufika pa 21 pa 100 alionse. Choncho phindu la cheza silinali lokayikitsa. Mkangano unali pa kagawidwe kake.

Mlingo wa cheza amauyeza m'magray, dzina lochokera kwa Louis Harold Gray, wasayansi wa ku Britain. Ndondomeko yakale inali ya magray 50 ogawidwa m'magawo 25, kutanthauza magray 2 patsiku. Ntchito ya tsiku limodzi si yaitali. Chithandizo chisanayambe, mayi amajambulidwa ndi makina a CT atagona chagada, manja ataika pamwamba pa mutu, ndipo amalembedwa timadontho tating'ono tosafufutika pakhungu, tofanana ndi mphini, kuti tsiku lililonse azigonekedwa chimodzimodzi. Pa tsiku la chithandizo, ogwira ntchito amamugoneka pa kama wolimba, amafananiza timadonthoto ndi mizere ya kuwala yochokera m'makoma, kenako amatuluka m'chipindamo n'kumamuonera pa kanema ali kuseri kwa khoma lochindikala. Mutu wa makina umazungulira n'kuwomba cheza chopendekera kuchokera mbali ziwiri za bere, kuti chilambalale mapapo ndi mtima. Mayi samva kutentha kapena ululu uliwonse, amangomva kulira kwa makina kwa mphindi zochepa. Ngati bere lodwala ndi lakumanzere, m'zipatala zambiri amauzidwa kukoka mpweya wambiri n'kuusunga kwa masekondi pafupifupi 20, chifukwa mapapo akadzaza amakankhira mtima kutali ndi njira ya cheza. Zonse zimatha mkati mwa mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chimene chimatopetsa odwala ambiri ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku ndi kudikira pamzere, makamaka kwa mayi wokalamba, wokhala kutali kapena wosamala ana.

Cheza chimagwira ntchito mwa kuthyola DNA, ulusi umene uli m'kati mwa selo womwe umasunga malangizo a kukula ndi kugawikana kwake. Selo limene DNA yake yathyoka kwambiri limafa likamayesa kugawikana. Vuto n'lakuti cheza sichisankha, chimavulazanso maselo abwino a khungu, mafuta, nthiti ndi mitsempha. Nzeru ya kugawa mlingo m'magawo ang'onoang'ono inachokera ku Paris m'zaka za m'ma 1920, pamene Claudius Regaud ankachita kafukufuku pa nkhosa zamphongo. Iye anapeza kuti sizinkatheka kuchititsa nkhosa kukhala yosabereka ndi mlingo umodzi waukulu popanda kuwononga khungu la ziwalo zake zoberekera, koma cheza chomwecho chikagawidwa pa masiku angapo, nkhosayo inkasiya kubereka khungu lili bwinobwino. Popeza maselo opanga umuna amagawikana mofulumira ngati a khansa, anaganiza kuti chotupa chingachitenso chimodzimodzi. Mnzake Henri Coutard anagwiritsa ntchito njira imeneyi pa odwala khansa ya pakhosi ndi m'kholingo, ndipo anachiritsa ena amene kale sakanachira. Kuchokera pamenepo, magawo ang'onoang'ono operekedwa kwa milungu yambiri anakhala ngati lamulo la ntchito yonse, ndipo lamuloli linafalikira ku khansa za mitundu ina, kuphatikizapo ya m'mawere, popanda kuliyesa pa mtundu uliwonse paokha.

Panalinso chifukwa china chimene madokotala ankaopera magawo akuluakulu, ndipo chinali chifukwa chomveka. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, zipatala zina za ku Britain ndi m'mayiko ena a ku Ulaya, pofuna kuchepetsa mizere ya odwala, zinakweza mlingo wa patsiku popanda kutsitsa mokwanira mlingo wonse, ndipo m'malo ena cheza chinkawomba kawiri pamalo amodzi chifukwa cha kusuntha wodwala pakati pa chithandizo. Amayi ena anawonongeka mitsempha yochokera m'khosi kudutsa m'khwapa kupita kudzanja, moti patapita zaka mkono unayamba kuwawa kosalekeza, kuchita dzanzi, mwinanso kufa ndithu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 amayi ovulalawa anapanga gulu lawo lotchedwa RAGE lofuna kuti boma ndi madokotala avomereze zimene zinachitika. Dokotala aliyense wofuna kunena za kufupikitsa chithandizo ankayenera kuyankha kaye za amayi amenewa.

Maganizo a Yarnold anali akuti cholakwika pa nthawi ija sichinali kukula kwa gawo la patsiku pakokha, koma kulephera kuchepetsa mlingo wonse. Akatswiri a cheza ali ndi nambala imene amaitchula kuti alpha/beta, imene imasonyeza mmene mnofu wa mtundu uliwonse umakhudzidwira gawo la patsiku likakula. Nambalayi ikakhala yaikulu, monga 10, ndiye kuti mnofuwo susamala kwenikweni za kukula kwa gawo, chimene chimaupweteka ndi mlingo wonse. Ikakhala yaing'ono, monga 3, ndiye kuti kukweza gawo pang'ono pokha kumawonjezera kwambiri kuwonongeka. Khansa za pakhosi zimene Coutard ankachiza zili m'gulu loyamba, pamene mnofu wabwino umene umauma ndi kufota patapita zaka uli m'gulu lachiwiri, ndipo n'chifukwa chake magawo ang'onoang'ono amathandiza pa khansa zimenezo: chotupa chimavulala, mnofu wabwino n'kupeza mpata. Koma bwanji ngati khansa ya m'mawere ili ndi nambala yaing'ono yofanana ndi ya mnofu wabwino wouzungulira? Zikatero magawo ang'onoang'ono amanyengerera khansayo mofanana ndi mmene amanyengerera mnofu wabwino, ndipo milungu isanu ija ilibe phindu lililonse kuposa milungu itatu ya magawo okulirapo, malinga ngati mlingo wonse watsitsidwa moyenera.

Ganizo lotere silingatsimikizike m'chipinda choyezera zinthu kapena pa odwala khumi a dokotala mmodzi. Pamafunika kafukufuku wa odwala ochuluka, amene amagawidwa m'magulu mwa mayere. Wodwala amafotokozeredwa zonse, amapatsidwa nthawi yoganiza, ndipo akavomera amasaina, koma amakhalabe ndi ufulu wotuluka nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chake. Kenako ofesi ya kafukufuku, osati dokotala wake, ndiyo imasankha ndi kompyuta gulu limene iye alowe. Chifukwa cha mayerewa n'chakuti dokotala akasiyidwa kusankha yekha, ngakhale atakhala wachilungamo chotani, amapereka njira yatsopano kwa odwala amene akuoneka olimba kapena a matenda ochepa, ndipo zotsatira zake zimanamiza. Mayere amachititsa kuti magulu afanane pa msinkhu, kukula kwa chotupa ndi zina zonse, zodziwika ndi zosadziwika, moti kusiyana kumene kungaoneke pambuyo pake kumakhala kochokera ku chithandizo.

Kafukufuku woyamba anachitikira ku Royal Marsden ndi ku chipatala cha khansa cha ku Cheltenham m'chigawo cha Gloucestershire, ndipo pakati pa 1986 ndi 1998 munalowa amayi 1,410. Kapangidwe kake kanali kochenjera. Gulu lina linalandira magray 50 m'magawo 25, pamene magulu ena awiri analandira magawo 13, lina magray 39 ndipo lina magray 42.9, koma onse chithandizo chawo chinkatenga milungu isanu, kuti chosintha chikhale chimodzi chokha, kukula kwa gawo. Kuika milingo iwiri yatsopano m'malo mwa umodzi kunali ngati kuzika zikhomo ziwiri, china kumtunda china kumunsi, kuti pakati pake pawerengedwe mlingo wofanana ndendende ndi wakale. Pofuna kuyeza kusintha kwa bere, amayi ankajambulidwa zithunzi atangochitidwa opaleshoni ndiponso m'zaka zotsatira, ndipo zithunzizo zinkaweruzidwa ndi anthu osadziwa gulu limene mayi aliyense anali. Zotsatira zinasonyeza kuti nambala ya alpha/beta ya khansa ya m'mawere inali pafupi ndi 4, ndipo ya kusintha kwa maonekedwe a bere inali pafupi ndi 3.6. Nambala ziwirizi zinali zoyandikana kwambiri, monga mmene Yarnold ankaganizira, komabe amayi 1,410 anali ochepa kuti dziko lonse lisinthire pa iwo ndondomeko yake.

Apa m'pamene panabadwa kafukufuku wamkulu wotchedwa START, amene anali m'zigawo ziwiri ndipo ankayendetsedwa ndi ofesi ya kafukufuku ya Institute of Cancer Research imene mtsogoleri wake anali katswiri wa masamu a zaumoyo, Pulofesa Judith Bliss. START A inatenga amayi 2,236 m'zipatala 17 ndipo inatsatira kapangidwe ka kafukufuku woyamba uja, kuyerekeza magray 50 ndi magray 41.6 kapena 39 m'magawo 13. START B, imene inadzasintha kachitidwe ka zipatala, inatenga amayi 2,215 m'zipatala 23 pakati pa 1999 ndi 2001, ndipo inayerekeza magray 50 a milungu isanu ndi magray 40 operekedwa m'magawo 15 pa milungu itatu. Ndondomeko ya milungu itatuyi sinali yachilendo kwenikweni, chifukwa zipatala za kumpoto kwa England, motsatira mwambo wa chipatala cha Christie ku Manchester, zinkaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, koma palibe amene anali ataiyerekeza mwa mayere ndi ndondomeko ya milungu isanu pa amayi ochuluka chonchi. Zotsatira za zaka 5 zinasindikizidwa mu 2008, ndipo za zaka 10 mu 2013. Pa zaka 10, khansa inabwerera m'bere kapena m'madera oyandikana nalo mwa amayi 4.3 pa 100 alionse a gulu la milungu itatu, poyerekeza ndi 5.5 a gulu la milungu isanu. Kusiyana kumeneku n'kochepa moti kungakhale kwangozi, choncho ofufuzawo sananene kuti njira yaifupi imaposa yaitali pa kupha khansa, anangonena kuti siichepera. Koma pa kufota kwa bere, kutupa kwake ndi timitsempha tofiira toonekera pakhungu, gulu la milungu itatu linali bwino kuposa linzake.

Ku Canada, gulu lotsogozedwa ndi Dokotala Timothy Whelan wa ku Hamilton m'chigawo cha Ontario linachita kafukufuku wakewake pa amayi 1,234, kuyerekeza magray 42.5 m'magawo 16 ndi ndondomeko yakale, ndipo zotsatira za zaka 10 zimene zinatuluka mu 2010 zinasonyeza kuti khansa inabwerera m'bere mwa amayi 6.2 pa 100 alionse a njira yaifupi, ndi 6.7 a njira yakale. Magulu awiri a m'mayiko osiyana anafika pa yankho limodzi.

Mawu akuti "siichepera" ndi ofunika kuwamvetsa, chifukwa kafukufuku wotere amasiyana ndi amene amayesa mankhwala atsopano kuti aone ngati akuposa akale. Ofufuza amagwirizana asanayambe za malire a kusiyana kumene angakulolere, ndipo malirewo amalembedwa m'ndondomeko ya kafukufuku kuti asadzasunthidwe zotsatira zikaoneka. Popeza khansa imabwerera mwa amayi ochepa kwambiri, pamafunika amayi zikwizikwi kuti kusiyana kwa mmodzi kapena awiri pa 100 kuonekere. Ndiponso pamafunika nthawi, chifukwa kuwonongeka koopsa kwa cheza sikuoneka pa tsiku lomaliza chithandizo. Kufiira ndi kusupuka kwa khungu kumabwera msanga n'kupola m'milungu yochepa, koma kuuma kwa mnofu, kufota kwa bere, kuthyoka kwa nthiti ndi matenda a mtima zimayamba pang'onopang'ono, mwina patapita zaka zisanu kapena khumi. Amayi a gulu la RAGE aja anatuluka m'chipatala akuoneka bwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito imeneyi kudekhako kumatanthauza kulemba makalata, kuyitana amayi chaka ndi chaka ndi kusunga zithunzi zawo mpaka ofufuza ena atapuma pantchito.

Britain inalandira ndondomeko ya milungu itatu msanga, ndipo bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a chithandizo m'zipatala za boma, linaivomereza mu 2009. Ku United States zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Kafukufuku wina wosindikizidwa mu 2014 anapeza kuti m'chaka cha 2013 mayi mmodzi yekha mwa atatu oyenerera ndiye ankalandira njira yaifupi, ndipo bungwe la akatswiri a cheza la kumeneko, ASTRO, linailimbikitsa kwa amayi a misinkhu yonse mu 2018. Pali zifukwa zingapo zimene zinatchulidwa, monga mantha a zovuta za mtsogolo ndi chizolowezi, koma sitingabise kuti m'dziko limene chipatala chimalipidwa powerengera maulendo a wodwala, kudula maulendo 10 kumadulanso ndalama. Umboni wa sayansi ukakhala wofanana m'mayiko awiri koma kulandiridwa kwake n'kusiyana ndi zaka pafupifupi khumi, m'pomveka kuyang'ana mmene madokotala amalipidwira.

Yarnold ndi anzake sanaone chifukwa choimira pa 15. Ngati masamu a alpha/beta anali olondola, magawo akanatha kukulabe. Kafukufuku wotchedwa FAST, wa amayi 915 amene analowa pakati pa 2004 ndi 2007, anayesa magawo asanu operekedwa kamodzi pa mlungu, ndipo anapeza kuti magray 28.5 ankafanana ndi magray 50 akale pa maonekedwe a bere, pamene magray 30 ankawononga mopitirira. Kenako panabwera FAST-Forward, amene Yarnold anamuyambitsa ndipo pambuyo pake anatsogozedwa ndi Pulofesa Murray Brunt wa ku Keele University ndi chipatala cha ku Stoke-on-Trent. Pakati pa November 2011 ndi June 2014, odwala 4,110 ochokera m'zipatala 97 za ku United Kingdom anagawidwa m'magulu atatu: magray 40 m'magawo 15 pa milungu itatu, magray 27 m'magawo asanu pa mlungu umodzi, ndi magray 26 m'magawo asanu pa mlungu umodzi. Malire olembedwa pasadakhale anali akuti njira yatsopano isawonjezere kubwerera kwa khansa ndi amayi opitirira 1.6 pa 100 alionse pa zaka zisanu.

Zotsatira zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa April 2020. Pa zaka zisanu, khansa inabwerera m'bere lomwelo mwa 2.1 pa 100 alionse a gulu la milungu itatu, 1.7 a gulu la magray 27, ndi 1.4 a gulu la magray 26. Njira zonse ziwiri za mlungu umodzi zinadutsa mayesowo pa kupha khansa. Pa kuwonongeka kwa mnofu wabwino m'pamene zinasiyana. Madokotala anapeza kusintha kooneka bwino kapena kwakukulu pa bere kapena pachifuwa mwa odwala pafupifupi 10 pa 100 a gulu la milungu itatu, 12 a gulu la magray 26, koma 15 a gulu la magray 27. Magulu awiri omalizawa ankasiyana ndi gray imodzi yokha, kutanthauza magray 5.2 patsiku kwa ena ndi 5.4 kwa enawo, kusiyana kumene munthu wamba angakuone ngati kosanunkha kanthu. Ofufuzawo akanasankha mlingo umodzi wokha, n'kukhala 27, bwenzi atalengeza kuti mlungu umodzi umawononga bere, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Chizolowezi chozika zikhomo ziwiri chimene chinayamba mu 1986 ndicho chinapulumutsa kafukufukuyu. Nambala zimenezi zikuchenjezanso chipatala chilichonse chofuna kutengera njirayi, chifukwa pamene magawo ali asanu, kulakwitsa kwa tsiku limodzi kumakhudza gawo limodzi mwa asanu a chithandizo chonse, ndipo makina osayezedwa bwino angasandutse 26 kukhala 27 popanda amene akudziwa.

Nthawi imene zotsatirazi zinatuluka inathandiza kwambiri kufalikira kwake. Mliri wa COVID-19 unali utangofika kumene, zipatala zinkafuna kuchepetsa maulendo a odwala khansa, amene matupi awo amakhala ofooka, ndipo malo ambiri a ku Britain anasamukira ku masiku asanu mkati mwa milungu yochepa. Mu 2023 NICE inasintha malangizo ake n'kuika magray 26 m'magawo asanu kukhala ndondomeko ya odwala amene cheza sichikufunika kufika ku anabere. Zotsatira za zaka 10, zimene zinaperekedwa pa msonkhano wa akatswiri a cheza a ku Ulaya mumzinda wa Vienna mu 2025, sizinasinthe chithunzicho. Nzeru yomweyi inayesedwanso pa khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo), imene nayonso ili ndi alpha/beta yaing'ono: kafukufuku wa CHHiP wotsogozedwa ndi Pulofesa David Dearnaley wa ku Royal Marsden komweko, wa amuna oposa 3,200, anatsitsa maulendo kuchoka pa 37 kufika pa 20 mu 2016.

Pali malire amene wowerenga ayenera kuwadziwa, kuopa kuti angaganize kuti aliyense wodwala khansa ya m'mawere akuyenera masiku asanu. Odwala a mu FAST-Forward anali a khansa yogwidwa msanga, yosafalikira kutali, ambiri opitirira zaka 50, ndipo ambiri anachotsedwa chotupa chokha, pamene ochotsedwa bere lonse anali ochepa. M'chigawo chachikulu cha kafukufukuyu cheza sichinkalozedwa ku anabere a m'khwapa ndi a pamwamba pa fupa la m'khosi, dera lomwelo limene mumadutsa mitsempha ija inawonongeka mwa amayi a m'ma 1970, ndipo funso la anabere linayesedwa padera pa odwala ocheperapo. Komanso amayi ena, makamaka achitsikana ndi a zotupa zaukali, amawonjezeredwa cheza pamalo enieni pamene panali chotupa, choncho kwa iwo masiku amaposa asanu.

Malire amenewa ndi amene akukhudza kwambiri mayiko a kuno kwathu. Kwa zaka zambiri Malawi analibe makina a cheza, ndipo odwala ochepa amene ankapeza mwayi ankatumizidwa kunja, ena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ena ku India. Dzikoli linali m'gulu la mayiko oyambirira a mu Africa olowa m'ndondomeko ya Rays of Hope imene bungwe la International Atomic Energy Agency linakhazikitsa mu 2022, ndipo makina a pa chipatala cha khansa cha pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe anayamba kugwira ntchito mu 2025. Kumene makina ali owerengeka, masamu ake ndi osavuta: mpata wa tsiku ndi tsiku umene kale unkathandiza mayi mmodzi pa milungu isanu ungathandize amayi asanu, ngakhale kuti ntchito yojambula ndi kukonza mapulani a wodwala aliyense sichepa, ndipo imafuna akatswiri a makina amene ndi osowa. Kwa mayi wochokera ku Karonga kapena ku Nsanje, amene ayenera kupeza pogona mumzinda pamodzi ndi womudikirira, kusiya munda ndi ana, kusiyana kwa mlungu umodzi ndi milungu isanu kungachititse kuti amalize chithandizo kapena achisiyire panjira. Koma amayi ambiri a m'chigawo chino amafika kuchipatala chotupa chitakula, amachotsedwa bere lonse, ndipo khansa imakhala itafika kale ku anabere, ndiye kuti si amayi amene chigawo chachikulu cha FAST-Forward chinayesa. Kwa iwo umboni wokhazikika kwa nthawi yaitali ndi wa milungu itatu, chifukwa mu START munalinso amayi ochotsedwa bere ndi ena amene cheza chinafika ku anabere. Madokotala a ku Tata Medical Center mumzinda wa Kolkata ku India, amene odwala awo amafanana kwambiri ndi a kuno pa msinkhu ndi kukula kwa matenda, anayambitsa kafukufuku wawo wotchedwa HYPORT-Adjuvant, woyerekeza mlungu umodzi ndi milungu itatu pa amayi oterewa, kuphatikizapo ofunika cheza cha ku anabere.

Khansa ya khomo la chiberekero, imene ndiyo imapha amayi ambiri ku Malawi ndi ku Zambia kuposa khansa ina iliyonse, ili m'gulu lina. Maselo ake ndi a mtundu wofanana ndi wa khansa za pakhosi zimene Coutard ankachiza, ndipo matumbo ndi chikhodzodzo zimene zili pafupi sizipirira magawo akuluakulu. Chithandizo chake chovomerezeka chikadali cha milungu pafupifupi isanu ya cheza chochokera kunja pamodzi ndi mankhwala a cisplatin, kenako cheza choikidwa m'kati pafupi ndi chotupa, ndipo zonse ziyenera kutha mkati mwa milungu isanu ndi itatu, chifukwa chotupa cha mtundu umenewu chimayambanso kukula chithandizo chikamachedwa.